Kodi Anapangana ndi Yani?

 Lero ndabwera ndi liwu limodzi la Chingerezi. Musafulumire kutseka wailesi poganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya ana a sekondale, chifukwa liwu limeneli limatha kumugoneka munthu m'ndende zaka zambiri ngakhale sanagwire chikwanje, sanathyole chitseko cha mwini, sanatuluke n'komwe m'nyumba mwake usiku umene zinthu zinaipa. Liwulo ndi conspire, ndipo mlandu wake umatchedwa conspiracy. Amene anakhalapo pa benchi m'khoti la majisitireti akudziwa mmene zimayendera. Woimbidwa mlandu waima m'kabokosi, manja kumbuyo, abale ake adzaza kukhonde. Pepala la mlandu linalembedwa m'Chingerezi ndipo likuwerengedwa m'Chingerezi. Womasulira amatembenukira kwa iye n'kunena kuti, "Akuti munachita chiwembu. Mukuvomera kapena mukukana?" Munthuyo amayankha ndi mtima wonse kuti, "Bwana, ine sindinapite nawo. Tsiku limenelo ndinali kudimba." Iye akuona ngati wauyankha mlandu. Koma pepala lija silinanene kuti anapita nawo. Lanena kuti anapangana ndi ena. Funso ndi lina, yankho ndi lina, ndipo pakati pa ziwirizi pagona ufulu wa munthu. Chimene ndikufuna kuti tione limodzi lero n'chakuti liwu limeneli linanyamula funso m'mimba mwake, funso lakuti anapangana ndi yani, anapangana chiyani, ndipo ife tadziwa bwanji. Funsolo likatayika pomasulira kapena pokamba nkhani pamsika, osalakwa amafa ndi miyala, olakwa enieni n'kumayenda mwaufulu.

Liwuli Angerezi analibwereka. Gwero lake ndi Chilatini, chinenero chimene akuluakulu a ku mishoni ya Holy Family kuno ku Phalombe ankachimva pa Misa kalelo, ndipo m'Chilatinimo linali ndi mbali ziwiri, ina yotanthauza pamodzi, ina yotanthauza kupuma. Tanthauzo lake loyambirira ndiye kupumira pamodzi. Taganizirani anthu awiri kuseri kwa nkhokwe, mitu yagundana, akunong'onezana moyandikana kwambiri moti mpweya wa wina ukugunda tsaya la mnzake. Chithunzi chimenechi n'chimene chinabala liwuli, ndipo chikutiphunzitsa chinthu choyamba: munthu sangapumire pamodzi ali yekha. M'Chingerezi cha masiku ano liwuli lakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba, anthu akhale awiri kapena kuposera apo. Lachiwiri, pakhale mgwirizano, kutanthauza kuti amvana, osati kuti aliyense waganiza zake payekha n'kupezeka kuti maganizo afanana. Lachitatu, chimene amvanacho chikhale choipa kapena choletsedwa ndi lamulo. Chinsinsi chimabwera chokha, popeza okonza zoipa saitanitsa msonkhano wa mudzi. Mukachotsa fuwa limodzi, mphika wagwa. Munthu m'modzi wokwiya amene akunola mpeni wake sali m'liwu limeneli. Amayi khumi amene akumana mobisa kuti akonzere mnzawo phwando la chikuta salimonso, pokhapokha wolankhula akungoseleula.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta kukagwira. Angerezi akafuna kutchula mnzake wa munthuyo amatsatiza kaliwu kakuti with, akafuna kutchula wokonzeredwa zoipayo amati against, ndipo akafuna kutchula ntchito imene anapanganayo amaika to. Choncho chiganizo chokwanira chimatchula mnzake, chimatchula wochitiridwa, chimatchulanso cholinga. Liwuli lili ndi anansi atatu amene nyuzipepala zathu zimakonda kuwasakaniza. Pali plot, limene ife timalidziwa kwambiri ngati puloti yomangapo nyumba, koma limatanthauzanso kukonza zoipa mobisa, ndipo limeneli munthu m'modzi akhoza kulichita yekha. Pali collude, lochokera ku liwu lotanthauza kusewera pamodzi, limene limakhalira anthu amene pamaso pa gulu amaoneka ngati ali mbali zosiyana, monga wogula ndi woyeza sikelo, koma kuseri akudyera mbale imodzi. Palinso connive, limene gwero lake ndi kutsinzina, ndipo limanena za mlonda amene sanabe nawo koma anayang'ana kumbali dala akuba akudutsa. Kusiyana kumeneku si kwa m'kalasi mokha. Wotsinzina ndi wopangana nawo alibe mlandu wofanana, ndipo umboni wowagwirira ndi wosiyananso.

Nanga ife m'Chichewa timati chiyani? Pano m'pamene nkhani yakoma. Liwu limene limathamangira pakamwa ndi chiwembu, koma chiwembu n'chachikulu kwambiri, chimameza zinthu zambiri. Munthu akabayidwa pa msewu usiku timati wachitidwa chiwembu, ngakhale wom'bayayo anali yekha. Nyumba ikatenthedwa timati n'chiwembu. Liwuli limaloza chochitikacho, magazi ndi phulusa, osati kukumana kumene kunachitika dzana lake. N'chifukwa chake munthu uja m'kabokosi akamva kuti chiwembu amaganiza za usiku wa zoipazo n'kuyamba kufotokoza kumene anali. Tili ndi mawu ena oyandikira kwambiri. Kuchita upo, kapena kupangira munthu upo, kumafuna anthu angapo, ndipo kumanunkha chinsinsi. Kupangana nako kumafuna awiri, kungoti pakokha kulibe choipa chilichonse. Timapangana tsiku la chinkhoswe, timapangana mtengo wa mbuzi, ndipo makolo anatisiyira mwambi wakuti nkhanga zinapangana kusanapse, poyamikira anthu okonzekeratu. Ndiye kuti tifike pa tanthauzo la liwu la Chingerezi lija tiyenera kunena zonse: kupangana kuchita choipa chakutichakuti. Mawu achuluka, inde, koma mafuwa onse atatu alipo. Ine ndikuona kuti womasulira m'khoti, mtolankhani wa pa wailesi ndi mfumu pabwalo akanamasankha njira yaitaliyi, chifukwa imakakamiza wolankhula kutchula mnzake wa woganiziridwayo. Ukati wachita chiwembu, chiganizo chatha. Ukati anapangana, womvera aliyense amadikira kuti umalize: ndi yani?

Lamulo la dziko lino limatsata tanthauzo lenilenilo. M'buku la malamulo a milandu yaupandu, gawo 404 limanena za kupangana kuchita mlandu waukulu, ndipo chilango chake chimafika zaka 7. Gawo 227 limanena za kupangana kupha munthu, ndipo pamenepo zaka zimafika 14. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mlanduwu umakhala utapalamulidwa kale pa nthawi imene anthuwo amvana. Kaya mbuzi zija sizinabedwe chifukwa agalu anauwa, kaya wofuna kuphedwayo anapulumuka, pangano lokhalo ndi mlandu. Wina angaone ngati lamuloli n'louma mtima, kulanga munthu chifukwa cha mawu. Koma chifukwa chake n'chomveka: munthu m'modzi akhoza kugona n'kudzuka mtima utatsika, pamene anthu anayi amene alumbirirana amakokana, aliyense akuopa kuoneka wamantha pamaso pa anzake. Gulu limafikitsa zoipa pamene munthu payekha sakanafika. Tsono popeza lamulo likulanga pangano, boma liyenera kuonetsa panganolo. Kukhala m'bale wa wakuba si pangano. Kumwa naye kachasu pa Loweruka si pangano. Ndipo malamulo aakulu a dziko, pa gawo 42, amapatsa woimbidwa mlandu ufulu wouzidwa mlandu wake ndi kuzengedwa m'chinenero chimene amamva, kapena kupatsidwa womasulira. Ufulu umenewu sukwanira ndi kungomva Chichewa chikulankhulidwa. Umakwanira munthu akamvetsa chenicheni chimene akumunena.

Tsopano titulukemo m'khoti, tibwerere ku chaka cha 2017, chimene palibe munthu wamkulu wa ku Phalombe angachiiwale. M'mwezi wa September mphekesera za anamapopa, opopa anthu magazi, zinabuka kuno ndi ku Mulanje, zikunenedwa kuti zachokera ku Mozambique, ndipo zinafalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mu mzinda wa Blantyre. Dzuwa likangolowa anthu ankasiya nyumba zawo n'kukagona panja m'magulu. Anyamata ankatchinga misewu ndi miyala ndi zipika, zibonga ndi zikwanje zili m'manja, akuimitsa galimoto iliyonse ndi kufunsa mlendo aliyense kumene akuchokera. Chikwama cha munthu chinkakhuthulidwa pansi, ndipo kanthu kalikonse kachilendo kopezeka m'menemo kankasanduka umboni. Ogwira ntchito zachipatala anavutitsidwa chifukwa cha zipangizo zawo zopimira odwala, ma ambulansi anagendedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Phalombe ndi Mulanje. Anthu osachepera 9 anaphedwa, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 140 pa milandu yokhudza zipolowezo. Mantha amene anthu anali nawo anali enieni, ndipo sindikubwera pano kudzanyoza mayi amene anagona pabwalo atakumbatira ana ake. Chimene ndikufuna timvetsere ndi mawu amene ankayenda masiku amenewo. Nkhani sinali yakuti kuli munthu m'modzi woipa. Inali yakuti pali mgwirizano: alendo akupopa, mafumu ena akuwasunga, apolisi akuwatchinjiriza, akuluakulu ena akulandira ndalama. Imeneyi inali nkhani ya conspiracy yathunthu. Koma inkakambidwa popanda funso lija.

Tiyese kuiika pa mafuwa atatu aja. Anthu awiri kapena kuposera apo: anali ndani, maina awo? Yankho linali lakuti anthu ena ake, obwera usiku, osaoneka. Pangano: anakumana kuti, liti, anamva ndani? Yankho linali lakuti aliyense akudziwa. Cholinga: magaziwo ankapita kuti, anaonedwa ndi yani, ananyamulidwa m'chiyani? Akuluakulu a zachipatala ananena poyera kuti sanapeze umboni wa munthu wopopedwa magazi. Apa m'pamene nkhani ya pangano lachinsinsi imaopsa kuposa bodza wamba, chifukwa imadya ngakhale umboni woitsutsa. Dokotala akati palibe chimene wapeza, anthu amati naye ali m'gulu lomwelo. Mfumu ikati tiyeni tidekhe, amati yadya nawo. Wapolisi akalanditsa mlendo m'manja mwa gulu, amati mwaona, akutetezana. Kusowa kwa umboni kumasanduka umboni wakuti chinsinsi chasungidwa bwino. Mlandu wotere munthu sangauwine, ngakhale atakhala woyera ngati ufa. Ndipo amene anafa sanali akuluakulu onenedwa aja. Anali anthu oyenda pansi, alendo osadziwa njira, ena odwala. M'modzi mwa ophedwa ku Blantyre anali munthu wodwala khunyu.

Zimenezi sizinayambe mu 2017. Kumapeto kwa 2002 ndi kumayambiriro kwa 2003, nthawi ya njala, kunamveka zoti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha thandizo, ndipo a Eric Chiwaya, amene anali gavanala wa chipani cholamula mu mzinda wa Blantyre, anagendedwa ndi gulu la anthu. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, kuyambira 1968 mpaka 1970, kunamvekanso zoti magazi akupita ku South Africa. Koma tisaganize kuti nthenda imeneyi ndi ya anthu a kumudzi kapena osaphunzira. Boma la atsamunda, ndi maloya ake ndi mafayilo ake, linadwala nthenda yomweyi. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti zinthu zafika poopsa m'Nyasaland, ndipo chifukwa chachikulu chimene chinaperekedwa ku London chinali chakuti atsogoleri a chipani cha Congress, pa msonkhano wa kutchire wa pa 25 January, anapangana kupha azungu, amwenye ndi Aafirika ogwirizana ndi boma. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa, oposa 50 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Nkhata Bay. Kenaka kunabwera woweruza wa ku Britain, Patrick Devlin, ndi anzake kudzafufuza. Iwo anafunsa funso lija, ndipo anapeza kuti pamsonkhanopo panakambidwadi za ziwawa, koma pangano lakupha anthu mwaunyinji limene boma linkanena panalibe umboni wake wogwirika. Tsiku la ofera dziko limene timakumbukira chaka ndi chaka linabadwa pa mlandu wa pangano umene sunatsimikizike. Mtundu umene unalira maliro otere uyenera kukhala woyamba kufunsa umboni ukamva liwuli.

Ndikudziwa kuti alipo amene akundimvera akugwedeza mutu. Akuti: mukutiuza kuti tizifunsa umboni, koma opangana zoipa sasiya umboni, ndipo akakhala anthu amphamvu amaukwirira. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mawu amenewa ndi olemera ndipo mbiri yathu ikuwavomereza. M'mwezi wa May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, ndipo boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto. Anthu amene ankanong'ona kuti si ngozi ankanena zoona, ndipo kafukufuku wa 1994 anatsimikiza kuti anaphedwa ndi apolisi. Koma mu 1995, Dr Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena atazengedwa mlandu wopangana kupha anthuwa, khoti linawapeza osalakwa, popeza umboni wolumikiza iwo ndi pangano sunakwane. Mabanja a anthu anayi aja sanaone aliyense wa pamwamba akulangidwa. Sindingabise kuti uwu ndi mtengo wowawa umene timalipira posunga muyezo wa umboni. Koma tiyang'ane mbali inayo. Kodi tikatsitsa muyezowo, kuti mphekesera zikhale zokwanira, amene adzagwe ndi khoswe wa pa mkhate uja? Ayi. Iye ali ndi mpanda, alonda ndi galimoto. Muyezo ukatsika amagwa ndi wokwera kabaza amene wasochera m'mudzi wa eni madzulo. Ndipo tisaiwale kuti mu ulamuliro wa chipani chimodzi anthu ambiri anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, pongonenedwa kuti akukonzera boma upo. Muyezo wotsika ndi chida cha amphamvu kuposa mmene ungakhalire chida cha osauka.

Komanso si zoona kuti pangano lachinsinsi silisiya mapazi. Anthu akapumira pamodzi amaimbirana foni, amatumizirana ndalama, amakumana pamalo pamene wina anawaona, ndipo zinthu zikavuta amaululana, monga khoswe wa padenga anaulula wa padzala. A Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti, atawomberedwa ku Lilongwe mu September 2013, nkhani imene inatsegula chivindikiro cha Cashgate, khoti lalikulu mu 2016 linapeza a Ralph Kasambara, nduna yakale ya zachilungamo, olakwa pa mlandu wopangana kupha munthu ndipo linawalamula kukakhala kundende zaka 13. Palibe ananena kuti iwo anagwira mfuti. Umboni waukulu unali kalondolondo wa mafoni. Iwo anakana mlanduwo, anachita apilo, ndipo anatulutsidwa pa belo podikira apiloyo, ndipo akadaulo a malamulo anatsutsana kwambiri ngati mafoni okha angakwanire kuonetsa pangano. Mtsutso umenewo ndi umene ndikuuyamikira, chifukwa unali mtsutso wa umboni, wochitikira poyera, woimbidwa mlandu ali moyo ndipo akuyankha. Chimodzimodzi pa imfa ya MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018. Kufufuza kunatenga nthawi, koma mu 2022 khoti linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi ndi m'bale wake weniweni. Gulu la anthu okwiya likanagwira mlendo woyamba kudutsa, maina amenewa sakanatuluka. Funso lakuti ndi yani ndi limene linawatulutsa.

Pali chitsutso china chozama, ndipo chimatikhudza ife a kuno kumwera. Fuwa lachitatu likuti cholinga chikhale choletsedwa ndi lamulo. Nanga lamulolo likakhala la wopondereza? M'busa John Chilembwe ndi anthu ake anakumana mobisa ku Mbombwe, anapangana, ndipo pa 23 January 1915 anaukira. Pa 3 February iye anaphedwa akulowera cha ku Mozambique, m'chigawo chimene nthawiyo chonse chinkatchedwa Mulanje. M'mabuku a atsamunda iye anali wopangana zoukira boma, ndipo mwa lamulo la nthawiyo mafuwa onse atatu analipo. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo pa 15 January timapuma pomukumbukira. Kodi izi sizikuonetsa kuti liwuli ndi ndodo chabe ya amene ali pampando? Ndikuyankha kuti zikuonetsa malire a liwuli, osati kupanda ntchito kwake. Liwuli limayankha funso lakuti kodi anamvana kuswa lamulo. Siliyankha funso lakuti kodi lamulolo linali lolungama, ndipo funso lachiwirili ndi la ife eni dziko, pa chisankho, ku Nyumba ya Malamulo ndi m'mbiri. Koma taonani kuti ngakhale pa Chilembwe mafunso athu ali ndi mayankho: tikudziwa amene anakumana, kumene anakumana ndi chimene anamvana, n'chifukwa chake tingathe kuweruza kuti thangata ndi nkhanza za m'minda ya ku Magomero zinali zoipa kuposa kuukirako. Pa anamapopa tilibe dzina, tilibe malo, tilibe pangano. Kufananiza ziwirizi n'kunyoza Chilembwe.

Chinthu china chimene liwuli limatithandiza kusiyanitsa chili pafupi kwambiri ndi thumba la mlimi. M'chaka chija cha 2017 mtengo wa nandolo unagwa koopsa. Mlimi amafika pamsika thumba lili pa njinga, venda woyamba n'kutchula mtengo wochititsa manyazi. Amakankha njinga kupita pa sikelo yachiwiri, mtengo womwewo. Yachitatu, womwewonso. Mawu amatuluka okha: apangana awa. Mwina anapanganadi, ndipo ngati n'choncho dziko lili ndi lamulo loletsa amalonda kugwirizana mitengo, komanso bungwe loona za mpikisano pa malonda limene lingalandire dandaulo. Koma gwero lalikulu la kugwa kwa mtengo chaka chimenecho linali kutali. M'mwezi wa August dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dzikomo, chifukwa alimi ake anali atakolola wochuluka. Ogula aakulu a ku Blantyre anasowa kotumiza, mavenda onse anamva uthenga umodzi, ndipo aliyense anatsitsa payekha. Anthu akhoza kuchita zofanana popanda kupangana, monga mmene onse amathawira pakhonde mvula ikayamba. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi phindu lake, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ngati n'kupangana, pakufunika wofufuza. Ngati ndi msika wa ku India, pakufunika misika ina, makopaletivi ndi nkhokwe zosungira, ndipo kumenya venda sikukweza mtengo ndi tambala imodzi.

Angerezi eni ake amaliseweretsa liwuli mwa njira imene ingasokoneze womasulira wosasamala. Amatha kunena kuti mvula, mapiri opanda mitengo ndi umphawi zinachita conspire, kutanthauza kuti zinangokumanizana n'kubala tsoka ngati kuti zinachita kupangana. Wolemba wa Chingerezi akhoza kunena choncho za napolo wa mu March 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi, kapena za namondwe wa Freddy mu 2023. Pamenepo palibe anakumana kuseri kwa nkhokwe. Wowerenga nkhani pa wailesi akamasulira chiganizo chotere ndi liwu lakuti chiwembu, wabzala m'mitima ya ofedwa maganizo akuti pali munthu amene anawachita dala, ndipo mtima wofedwa suchedwa kupeza woloza chala.

Mwina wina afunsa kuti, tivutikiranji ndi liwu la eni pamene tili ndi chinenero chathu, ndipo ambiri kuno kunyumba amayankhulanso Chilomwe? Chifukwa chake n'chakuti pepala la mlandu likulembedwabe m'Chingerezi, chigamulo chikulembedwa m'Chingerezi, ndipo nkhani zambiri zimene mumamva pa wailesi m'Chichewa zinayamba zalembedwa m'Chingerezi wina n'kuzitembenuza mothamanga nthawi ya nkhani itayandikira. Liwuli limatifika tsiku ndi tsiku litavala malaya a Chichewa, ndipo malayawo nthawi zambiri ndi chiwembu. Sindikupempha kuti agogo a kwa Nazombe aphunzire Chingerezi. Ndikupempha amene aima pakati pa zinenero ziwirizi, omasulira a m'makhoti, atolankhani, aphunzitsi, alangizi a zamalamulo amene amayendera akaidi, kuti asamadule mafuwa powoloka nalo liwuli. Munthu uja m'kabokosi auzidwe motere: "Boma likuti inu ndi uje ndi uje, pa tsiku lakuti, kumalo akuti, munapangana kuti mukabe ng'ombe za uje. Sakunena kuti munapita nawo. Akunena kuti munamvana nawo. Mukuvomera kapena mukukana?" Akamva choncho adziwa kuti nkhani ya kudimba ija siimuthandiza, ndipo ngati sanakhale nawo pa upo umenewo adziwa chimene ayenera kukana ndi mboni imene ayenera kuitana. Abale ake pakhonde paja nawonso amva maina, tsiku ndi malo, ndipo pobwerera kumudzi akafotokoza zimene boma likunena ndi zimene likuyenera kuonetsa mlandu ukadzalowanso.